Chingwe Changa ndi Mpiru wa Esitere

Mpaka lero ndikamadutsa padambo la kumunsi kwa Edingeni, amayi amasiya kuthirira n'kuyamba kufunsana mokweza ngati wina waonako chingwe. Sindiwayankha. Ndine mphunzitsi, ndinakhala zaka zinayi kusukulu yaikulu ya mishoni, ndipo kumeneko anatiphunzitsa kuti munthu akakwiya azitseka pakamwa. N'chifukwa chake ndikulemba.

Dimba la padambopo ndi la amayi a mudzi wonse: mpanda umodzi wa minga, chitsime chimodzi, aliyense kachigawo kake. Mkazi wanga Esitere anali nako kake, kumtunda pafupi ndi chulu. Anabzala mvula ikutha, anadwala chimanga chikuuma, tinamuika tisanakolole. Za zimenezo ndilekeza pomwepa.

Chisanu chitalimba kunabwera mlamu wanga NyaTembo, mkulu wake wa Esitere, amene amagawa malo m'dimbamo.

"Asambizgi," (ndi mmene amaitanira mphunzitsi kuno, ine kwathu ndi ku Kasungu) "malo a mng'ono wanga agona. Tipatse wina."

"Ndilima ndekha."

"Inu? Ndi choko?"

"Ndi khasu, mlamu."

"Yewo. Koma lamulo mukulidziwa. Malo akapanda kutulutsa ndiwo pofika mvula, mbwenu abwerera kwa amayi."

Loweruka m'mawa ndinapita ndi khasu, chingwe, zikhomo, ndi buku la zaulimi limene ndinalandira ngati mphoto kusukulu kuja (ndinali woyamba m'kalasi; ndatchula kuti muone kukula kwa manyazi). Zimene ndinapeza zinandipsetsa mtima. Mzere wowongoka panalibe. Bonongwe apa, luni apo, ndipo m'mphepete munali mapesi ataliatali ouma, opendekeka ngati pamunda pa mlesi. Esitere sanali mlesi. Ndinangoti amayi awa alekerera malo a mnzawo kuchita thengo, akudutsa tsiku ndi tsiku osazulapo n'kamodzi komwe. Ndinazula zonse. Mapesi aja ndinawakhwekhwereza, ndikuwamenyetsa pansi ngati ndi iwo anandilakwira, mpaka kuchulu, n'kuwatentha.

NyaTembo anafika utsi ukutha. Anaika manja kumutu.

"Mlamu, mwatentha chiyani?"

"Zinyalala."

"Zinyalala! Umenewo unali mpiru wa mbewu. Esitere anautenga kwa amayi athu ku Engutwini. Wanga anadya makoswe, wotsala unali womwewo. Tonse tinkaulambalala kuti ukhwime, inu mwapatsa moto!"

Ndinayankha modekha kuti mbewu ndili nazo zabwino kuposa, za kabichi ndi matimati, zochokera kwa mzungu wa kumishoni. Madzulo ake kunyumba sileti imodzi inasweka, koma inali ndi mng'alu kale.

Ndinamanga chingwe changa, n'kubzala mizere yowongoka moti bwanamkubwa wa kuboma la Mzimba akanaivulira chipewa. Amayi ankabwera kudzaonerera.

"Yakongola chomene. Kodi mzere amadyera mchere kapena nsinjiro?"

Iwo mbande zawo ankazifunditsa udzu dzuwa likamalowa. Buku silinatchule udzu. M'mawa wina ndinapeza chisanu chawamba matimati onse, ali bii, atagwada molongosoka, aliyense pamalo pake.

Kabichi anapirira, mpaka kunayamba kutentha, nsabwe za m'masamba n'kumuunjirira. NyaTembo anandibweretsera phulusa m'lichero kuti ndiwaze. Ndinati ndiwo za anthu sindithira litsiro. Iye anati, "Nsabwezo mwazilemba kale m'kalasi? Zikubwera tsiku lililonse, osajomba." Ndinafufuza m'buku. Linati ndigule mankhwala ena ake kusitolo ya m'tauni ina ya kutsidya kwa nyanja yamchere. Amene analemba bukulo ndikanakonda kukumana naye.

Koma kabichi khumi ndi awiri anakulungabe mitu, ndipo ndikanapulumuka pakadapanda buluku. Polowa m'dimba amayi amakwera pachitsa n'kudumpha minga. Nsalu amaikwinya, zatha. Ine minga inanding'ambira buluku kawiri, ndipo wosoka kunyumba kulibe. Choncho ndinadula mpanda n'kuikapo chitseko cha bango, chomangira luzi, monga anthu otsogola amachitira.

Ng'ombe nazo zinagwirizana ndi kutsogolako. Tsiku lina masana, ndili pakati pa masamu, ndinamva mfuu kudambo. Ndinathamanga ndi ndodo yolozera pabolodi. Ng'ombe zisanu, za mwamuna wa NyaTembo yemwe, zinali zitadya luzi, kenako kabichi wanga, ndipo zinali zitayamba nyemba za amayi atatu. Ndinalunjika nkhunzi, ndikuikalipira m'Chingerezi (sindikudziwa chifukwa chake). Nkhunzi inatembenuka. Inenso ndinatembenuka. Chingwe changa chija, chomangidwa bwino pazikhomo zolimba, chinandikola mwendo, ndipo ndinalowa chamutu m'matope a pachitsime. Buluku linang'ambika kachitatu, pamalo pomwe sindilemba.

Amayi a nyemba zodyedwa aja anali akulira, koma analeka kaye kuti aseke.

Ndinatsekanso mpanda ndi minga, ndekha, masiku awiri. NyaTembo sanakweze mawu. Anangoti, "Mlamu, mitambo yayamba. Ndiwo palibe. Mudzatenge zikhomo zanu."

Mvula ya chizimalupsa inagwa sabata yomweyo. Ndinazengereza masiku angapo, kenako ndinapita kukazula zikhomo. Ndiye ndinaona kanjira kobiriwira, kokhotakhota ngati podutsa njoka, kochokera m'mphepete mwa malo aja mpaka kuchulu, pouma pomwe sindinkathirirapo. Udzu winanso! Mkwiyo wa miyezi inayi unakwera m'manja. Ndinakweza khasu.

"Ndapota nanu, ikani pansi!" NyaTembo anagwira mpini kumbuyo kwanga. "Munthu wa mabuku, werengani apa."

Anagwada, n'kutsina katsamba kamodzi, n'kundipatsa. Ndinatafuna. Kanandiluma lilime pang'ono, monga ndiwo za zaka zitatu za ukwati wanga.

"Pomwe munkamenyetsa mapesi pansi paja," anatero, "mumafesa. Ntchito imodzi yokha imene mwagwira bwino m'dimba muno, mwaigwira osadziwa."

Kenako anatembenukira kumbali, n'kupukuta nkhope ndi nsalu. Ine ndinayang'ana chulu.

Amayi anakambirana, n'kugamula kuti mpiru ndi ndiwo, ndiye malo ndi angabe, koma ndisakhudze kanthu popanda kufunsa. Khasu langa limagona kwa NyaTembo. Ine ntchito yanga ndi kunyamula madzi.

Ndikadali wokwiya. Ndakwiyira buku, nkhunzi, ndi amayi ofunsa za chingwe. Kwa kanthawi ndinakwiyiranso Esitere, kuti anapita osandiuza za mapesi aja. Koma zaka zitatu ndinkadya mpiruwo maso ali pabuku, osafunsa kumene wachokera. Chingwe ndikadali nacho m'thumba la jekete, ndipo ndikaona kanjira kaja kukhota kwake, dzanja limalowa m'thumbamo lokha. Esitere akanandiona akanaseka mpaka kukhala pansi. Chimene chimandikwiyitsa koposa zonse n'chakuti amayi onse aja ndimawamva akuseka, iye yekha ayi.