Botolo la abambo ndi manja a Tadala

Lolemba, 9 Juni
Abambo atuluka m'chipatala, opaleshoni ya m'mimba yayenda bwino. Wolemba mankhwala opha ululu ndi mtsikana wophunzira udokotala, dokotala wamkulu ali kumbuyo kwake. Mofini wamadzi, m'kabotolo. Wamkuluyo akuti, "Musanapereke, funsani kaye ngati kunyumba kuli mwana." Alipo. Tadala wanga, wa zaka zitatu. Mtsikanayo akundibwerezetsa ngati kusukulu: kuyeza pa mzere wa sirinji, osapitirira, osagawira munthu. Mwana akamwa atha kugona osadzukanso. Pulani: kubisa.

Lachiwiri, 10
Ndabisa mu udzu wa kudenga, momwe abambo ankabisa shuga tili ku Chilwa. Masiku amenewo! Fungo la matemba pamoto, ine pamwamba pa mtondo, chala m'shuga. Madzulo ndampeza Tadala wakwera pamtondo.

Lachitatu, 11
Ndabisa m'thumba la mpunga. Amake Tadala apita nalo kuchigayo osandiuza. Njinga liwiro mpaka pa Chiringa. Wachigayo: "Achimwene, tipunthe ndi botolo lomwe?"

Lachinayi, 12
Malo otsala: m'gambutsi, m'khola la nkhuku, m'wailesi yakufa ija tinkamverera mpira ndi abambo, mabatire tikuwaanika padzuwa. Ndasankha wailesi. Tadala akufuna iyimbe. Akuigwedeza, botolo likugogoda m'katimo.

Lachisanu, 13
Lero ndabisa kwenikweni. Nthawi ya mankhwala yakwana, malo ndaiwala. Abambo akubuula m'Chilomwe. Tagudubuza nyumba yonse. Wotilozera ndi Tadala: mumtsuko wakale, kuseri kwa chitseko.

Loweruka, 14
Kukaonetsa chilonda. Ndamuuza wophunzira uja zonse. Waseka, kenako nkhope yasintha, wakaitana anzake kuti ndibwereze. Wamkulu: "Mwamva? Musamangoti bisani. Muziti khomani." Ndagula kaloko, ndamangirira pa bokosi la mbedza la abambo. Likununkhabe nyanja.

Lamulungu, 15
Botolo m'bokosi, bokosi lokhoma, kiyi pa chingwe m'khosi mwanga. Kutchalitchi sindinapite. Tadala wagona pachifuwa panga, kiyi waifumbata. Abambo akuseka atagwira chilonda: "Za shuga zija ndinkaona. Ndinkangokusiya, anali shuga." Ine sindingamusiye Tadala. Mwendo wachita dzanzi, koma nditembenuka botolo likadzatha.