Tebulo la Awiri Limene Tinakhalapo Atatu

Sparkhill,
Birmingham.

Kwa Bwana Mkulu Woona za Mipando ndi Matebulo,
Blue Puffin Voyages.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada ndi maondo onse awiri, ngakhale lakumanzereli limavuta chiyambire ntchito ya m'wodi, kuti ndikuthokozeni chifukwa cha sabata imene ine ndi amuna anga, a Osborne, tinakhala pa sitima yanu yapamadzi mwezi wathawu. Mundikhululukire polemba m'Chichewa. Chingerezi changa chimathera kuntchito. Pofika kunyumba amanditsalira ndi "sorry" yekha, ndipo m'kalata muno sindikumufuna.

Ndidzidziwitse kaye, poti anthu okutumizirani makalata ndi ambiri. Ine ndine namwino pachipatala china muno mu Birmingham, ndimagwira masana. A Osborne amasamalira okalamba ku Foleshill, amagwira usiku. Chino ndi chaka chachinayi tikungokumana pakhomo, wina akuvula nsapato, wina akuvala. Banja lathu linasanduka handover, kupatsirana malipoti ngati kuwodi, a ana athu awiri ndi a pakhomo: Mwai ali ndi mpira Lachitatu, Tiffany wawayankhanso agogo ake m'Chingerezi pafoni, mutulutse bini. Tsono pokwanitsa zaka makumi awiri tili pabanja, ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tikadye awiri, choyang'anizana, popanda wotiitana. Nawo a Osborne anati pali mawu amene akhala akundisungira, ndipo akandiuza patebulo pomwepo. Bwana, bambo amenewa chinditomerereni, mawu okoma kwambiri amene anandiuzapo ndi oti ndiwo ndazitha. Mumvetse kuti mawu osungidwawo ndinawagulira diresi.

Kabuku kanu kanalonjeza flexible dining, ati munthu umadya nthawi imene wafuna, ndi amene wafuna. Ndine ndinakakamira kuti tisankhe zimenezo. Walira mvula walira matope. Nazi tsono zothokoza zanga.

1. Zikomo chifukwa cha kachipangizo konjenjemera kaja. Tsiku loyamba, Jade, mtsikana wolandira anthu pakhomo la chipinda chodyera, anatiuza akumwetulira kuti matebulo a awiri alipo ochepa kwabasi, koma tisadandaule. Anatipatsa kanthu kooneka ngati sopo wosambira, kuti kakalira tibwere. Amene anakupatsani nzeru imeneyi sanasamalepo wodwala. Katangoti njenjenje m'thumba, a Osborne anali atadzambatuka kale, akufunsa kuti wagwa ndi wa chipinda chiti. Apo n'kuti titadikira ola ndi theka, ndipo kanalirira tebulo la anthu asanu ndi atatu.

2. Zikomo chifukwa cha tebulo limenelo. Wamng'ono pa anzathu asanu ndi mmodziwo anali ndi zaka 79. Sindikuwanyoza ayi, anali anthu abwino. Koma inu munaika namwino ndi wosamalira okalamba pakati pawo, n'kuyembekezera chiyani? Nyama isanazizire, a Osborne anali akudulira mayi wina tizidutswa, iwo eni osadziwa kuti manja awo akutani. Ine ndinalanda bambo wina kapu ya vinyo imene amati amwere mapiritsi. A Osborne atatsokomola kuti ayambe mawu aja, mayi Helen a ku Walsall anakweza mwendo kuti ndione ngati kutupako n'kodetsa nkhawa. Sikunali kodetsa nkhawa, koma supu sindinamumalize.

Kutacha mbiri inali itawanda sitima yonse. Madzulo alionse okalamba amapita kwa Jade kukapempha kuti akhale ndi banja lokoma lija, ndipo pempho lawo silinakanidwepo. Ndikuchitira umboni, Bwana, kuti dongosolo lanu limagwira ntchito: anthu amadyadi ndi amene afuna. Kungoti ofunidwawo tinali ife.

3. Zikomo chifukwa cha app. Tsiku lachitatu Jade anatinong'oneza kuti ochenjera safola pakhomo, amafola pafoni ikangokwana kota pasiti faifi. Mukanawaona a Osborne, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, ataima pamwamba pa sitima, mphepo ya ku Norway ikuwakupiza jekete, foni ili m'mwamba ngati munthu wofuna netiweki pachulu ku Ntchisi. Tinapeza nambala 212. App inatifunsa mwaulemu ngati tingakonde kudya mgonero hafu pasiti folo mawa lake. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pa dongosolo lanu losinthasinthali, wosinthayo ndi ife.

4. Apa ndiye ndithokoze ndi misozi. Tsiku lachisanu tinalipeza: tebulo 14, mipando iwiri, kandulo yabodza pakati. N'zoona kuti linatalikirana ndi tebulo linzake ngati chikhatho changa, moti mayi wa pafupiyo anamwa madzi anga kawiri. N'zoonanso kuti mpando wanga unayang'ana kukhoma. Koma linali lathu. Ndinavala diresi lija. A Osborne anapukuta pakamwa, n'kuika manja onse patebulo, ine mtima uli phaphapha ngati mtsikana.

Ndiye anatulukira a Clifford, bambo wamasiye wa ku Dudley, ataima chapafupi ndi kanthu kawo konjenjemera m'manja, maso ali pa buledi wathu.

Pano ndivomere kuti mlandu wina ndi wathu. Amuna anga analeredwa ndi mayi amene amati chakudya sichichepa, chimachepa ndi chovala. Sangameze munthu akuyang'ana. Anawauza a Clifford kuti abwere tidye. Kwathu, Bwana, mawu amenewa ndi moni chabe. Woitanidwayo amayankha kuti zikomo, pitirizani, ndadya kale, ngakhale njala itamupinda pakati. Aliyense amachoka ndi ulemu wake. Koma a Clifford sanakulire ku Ntchisi. Anati zikomo kwambiri, n'kuyamba kumasula batani la jekete.

Ndiyamikire changu cha antchito anu. Anthu amene anatha masiku asanu akufunafuna tebulo, mpando wachitatu anaupeza ndisanaphethire. Pofika m'mawa app inali itatilemba kuti ndife banja la atatu, ndipo kutichotsa inakana.

5. Tsiku lomaliza. A Clifford anafika patebulo 14 ife tisanafike, atatisungira malo. Nsomba itangobwera, woperekera zakudya anandigwira paphewa: mayi Helen aja amva chizungulire. Ndikudziwa kuti pa sitima yanu pali dokotala, chithunzi chake ndinachiona m'kabuku, koma ine ndinali pafupi. Ndinapita, poti namwino sakana. Chinali chizungulire cha vinyo.

Pobwerako patatha mphindi makumi awiri, ndinapeza a Clifford akupukuta misozi ndi kansalu ka patebulo, dzanja lina atagwira la amuna anga. A Osborne anangoti zyoli, maso m'mbale. A Clifford anandiuza kuti ndine mkazi wamwayi, ndipo chimwalirireni akazi awo sanamvepo mawu okoma chotero. Bwana, zinachitika n'zoti amuna anga, mantha atawagwira, anati ayeserere kaye pa mnzawoyo kuti aone ngati mawuwo akumveka bwino. Atayamba analephera kuima. Zaka makumi awiri za mawu anga, zonse anazikhuthulira m'khutu la munthu wa ku Dudley, lomwenso lili ndi batire.

Ndinawapempha kuti abwereze. Anati mawu oterowo ali ngati dzino, sazula kawiri. Ndinakwiya, Bwana, ndinene mosabisa, ndinakwiya mpaka keke ndinadya yanga ndi yawo. M'basi yochokera ku Southampton anagona mpaka ku Digbeth. Pano tinabwerera ku ma shift athu. Dzulo ndinapeza kapepala pafiriji, mtima unagunda, koma kanali konena kuti mkaka watha.

Ndinaimba ku ofesi yanu kupempha keyala ya a Clifford. Mnyamata wanu anandiuza mokoma kuti malamulo salola, chifukwa kampani yanu imalemekeza kwambiri chinsinsi cha anthu. Ndinamuyamikira. Ndikanakonda ndikanachiona chinsinsicho patebulo 14, koma bola kuti chilipo ndipo mukuchisunga bwino ku ofesiko.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, ndipo silikulandani tebulo ngakhale limodzi. Sindikufuna ulendo wina, ndatopa, ndikufuna ndikapume kuntchito. Ndikungopempha kuti mwa ukulu wanu muwalembere a Clifford, muwauze kuti ali ndi katundu wanga. Alembe zonse zimene amuna anga anawauza m'malo mwanga, m'Chingerezi momwemo, asasiye ngakhale liwu, ndipo akadziwa pamene analira aikepo chizindikiro kuti nane ndidziwe polirira. Muwafulumizitse pang'ono, poti mboni yanga yokhayo ili ndi zaka 84.

Kalatayo ikafika ndidzavala diresi lija, n'kuiwerenga kukhitchini kwanga, nthawi imene ndafuna, patebulo la awiri. Mpando winawo musade nawo nkhawa, umakhala wopanda munthu. Ingowauzani a Clifford kuti mawu amenewa si kuitana.

Ine kapolo wanu wothokoza,

Dorica Chikhwaza (Mayi)
Wa tebulo 14, mpando woyang'ana kukhoma.