Kiyi wa malemu Tuntufye

Lolemba

Kope lija la masewero athu ndalipeza! M'sutikesi, pansi pa makatani akale. Njenjete zadya ngodya imodzi ya dziko limene ndinajambulamo, koma mapiri alipo onse.

Ndikangolitsegula ndili ku mgodi wa Kayelekera, zaka zoposa khumi zapitazo. Nthawi ya nkhomaliro, kuseri kwa nyumba ya zipangizo komwe ndinali kalaliki, anthu asanu tazungulira kireti yovundikira. Masewerowa anatiphunzitsa mlendo wina woyeza miyala, natisiyira dayisi, kamwala ka manambala ka mbali makumi awiri. Ine ndimasimba nkhani, anzanga anayi aliyense ali ndi munthu wake m'nkhanimo. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi. Nambala yaikulu, zatheka. Yaing'ono, walira.

Tsiku limenelo mnzathu Tuntufye akuuzira dayisi ngati mbatata yotentha. Waponya. Makumi awiri! Munthu wake, mbala yotchedwa Phazilopepuka, wasolola kiyi m'chiuno mwa mlonda. Onse anayi aima pa chitseko chachitsulo. Kuseri kwake kuli Chimezamvula, chinjoka cha mitu isanu ndi iwiri chimene chinameza mvula ya dziko lonse. Belu likulira. “Tipitiriza mawa,” ndikutero ine.

Mawa lakelo silinafike. Ntchito inatha, tinabalalika. Tuntufye tinamuika zaka zitatu zapitazo.

Tsopano Che Yusufu, mmodzi wa anzanga aja, akutseka shopu yawo pano pa boma, akubwerera kwawo ku Mangochi mpaka kalekale. Lole ikubwera Lachinayi la sabata yamawa. Tikapanda kutsegula chitseko chija iwo asanapite, sichidzatsegukanso.

Dongosolo: Loweruka masana, pakhonde panga. Mipando inayi, tiyi, vitumbuwa. Palibe chovuta.

Lachiwiri

Ndatsegula gulu pafoni. Onse atatu avomera msanga, mpaka ndachita mantha.

Mantha anga sananame. Ambokile, amene ankasewera wamatsenga woponya mphezi, tsopano ndi mkulu wa mpingo. Ine amanditchula kaka, ndiye kuti achimwene m'chilankhulo cha kwawo. Akuti: “Kaka, zamatsenga ine ayi. Kuno munthu amangomva theka la nkhani, mawa miyala padenga.”

Akunena zoona. Koma loko wa chitseko chija amalonderedwa ndi tinjoka tiwiri, ndipo timagona ndi matsenga okha. Ambokile akuti munthu wake atembenuke mtima, akhale woyimbitsa kwaya. Ndafufuta masamba atatu. Tinjoka tsopano timagona ndi nyimbo.

Dayisi sikuoneka. M'sutikesi ndapezamo izi:
chiphaso cha ku mgodi, pali nkhope ya munthu wa tsitsi lonse,
mabatire awiri akufa,
kalata imene sindinatumize.
Dayisi ayi.

Lachitatu

Kutentha! Phula akuchita kumata nsapato.

Ndapita kushopu kwa Che Yusufu, msilikali wathu wa mkondo m'masewerowo. Ali pakati pa makatoni, akumanga zitenje m'mitolo. Ndawakumbutsa malamulo: mutu uliwonse wa Chimezamvula umaluma pawokha, ndipo kuti uudule uyenera kuponya khumi ndi zisanu kapena kuposa.

“Mitu seveni? Achimwene, ife tinali anyamata nthawi imeneyo. Mawondo awa sangathe.”

Ndawauza kuti mawondo awo sakalowa nawo m'phanga. Sakumva. Akufuna akakambirane ndi chinjokacho kaye, chifukwa akuti palibe chilombo chopanda mtengo wake wotsiriza. Tanenerera ngati pa msika wa kaunjika. Iwo itatu, ine isanu ndi umodzi. Tagwirizana pa isanu.

Madzulo uthenga wa mawu wochokera ku Sangilo. Lusekelo, namwino, amene munthu wake amachiritsa ovulala m'gulumo. Kumbuyo kukumveka mwana akulira jakisoni. “Adada, ine ndimachiza anthu Lolemba mpaka Loweruka. Pa mpumulo wanga ndichizenso a papepala? Ndipatseni nkhwangwa.”

Gulu langa tsopano: woyimbitsa kwaya, wamalonda, ndi mayi wotopa wa nkhwangwa. Wochiritsa palibe. Mitu ndaitsitsa, yatsala itatu.

Lachinayi

Dayisi ndaiiwalako. Ndalemba manambala m'zitsekerero makumi awiri za mabotolo, ndaziika m'chipewa. Ndayesa nkhondoyo ndekha patebulo kanayi. Kanayi konse onse afa, kamodzi asanalowe n'komwe. Mitu ndaitsitsanso, yatsala iwiri.

Kenako ndalemba pagulu mwachisawawa kuti tikayamba Loweruka, Lusekelo atenge kiyi m'thumba la Phazilopepuka atsegule chitseko.

Onse awerenga. Patapita ola, Ambokile: “Kaka, katundu wa malemu sitigwira abale asanakhale pansi.”

Ndaseka ndekha. Kenako Che Yusufu: “A mkulu anena zoona.” Anthu awiriwa sanagwirizanepo pa chilichonse, ngakhale pa mpira. Lero agwirizana pa thumba lojambulidwa ndi pensulo!

Ndatsegula tsamba la Phazilopepuka. Zolemba za Tuntufye, zopendekera ngati chimanga chogwa ndi mphepo. Chingwe, mpeni, nthochi zowotcha zitatu, kiyi. Nthochizo anaumirira yekha kuti zilembedwe. Ankati mbala yanjala imagwidwa.

Kuseka kwandithera.

Lachisanu

Njira zimene ndayesa:

Kuthyola chitseko. Sizitheka. Ndinalemba ndekha, ndi zilembo zazikulu, kuti palibe nkhwangwa kapena moto ungachithyole. Ndinali wonyada kwambiri pa unyamata wanga.

Wina asewere Phazilopepuka. Aliyense akukankhira mnzake. Lusekelo akuti sangathe kuseka ngati mmene ankasekera Tuntufye.

Phazilopepuka afe m'nkhanimo, kiyi agwe pansi. Ndagwira cholembera kwa nthawi yaitali. Munthu ndamuika kale m'manda kamodzi. Kachiwiri dzanja likukana.

Ambokile wagamula: nkhani ipite kwa mayi a Gwamaka, mkazi wa malemu, ku Lupembe. Osati pafoni, zimenezo n'zachipongwe. Munthu apite ndi miyendo, atanyamula shuga. Ndani? “Dzikolo munalenga ndinu, kaka.”

Vitumbuwa ndauza mayi wophika asiye. Mawa kulibe masewero. Masiku a Che Yusufu atsala asanu ndi limodzi.

Loweruka

Ola limene ndimayenera kukhala pakhonde panga ndi kope, ndili m'minibasi pakati pa thumba la mpunga ndi bambo wa nkhuku ziwiri.

Mayi a Gwamaka ndawapeza akusenda chinangwa. Moni wautali, madzi akumwa, shuga walandiridwa ndi manja awiri. Kenako ine, bambo wa imvi, ndayamba kufotokoza za chinjoka. Za mvula yomezedwa. Za tinjoka togona ndi kwaya. Mpeni wawo sukuima.

“Ndiye mukuti mwamuna wanga anaba?”

Ndati m'masewero, alamu.

“Munthu uja sanabepo ngakhale nthochi ya m'munda mwa mchimwene wake.” Aseka pang'ono, kenako mpeni waima. “Ndiye zaka zonsezi wangoima pa chitseko?”

Ndawaonetsa tsamba lija. Aliyang'ana nthawi yaitali, osaligwira chifukwa manja ali ndi utomoni.

“Sindingayankhe ndekha. Ndiwauze kaye akulu ake.”

Ndabwerera chimanjamanja. Minibasi yaphulika tayala. Ndakhala pamwala m'mbali mwa msewu, kope pamiyendo, dziko lonse lopanda mvula lili mmenemo.

Lamulungu

Zimene zatsala pa ntchito yanga ya zaka khumi: wamatsenga wobatizidwa, msilikali wofuna kunenerera, wochiritsa wosachiritsa, chipewa cha zitsekerero, ndi chinjoka chimene chikafika Lachitatu chikhala buluzi. Ndavomera. Mwina nkhani zina zimathera pa chitseko. Kope ndalibwezera m'sutikesi.

Nditangotuluka m'tchalitchi, foni. Mayi a Gwamaka.

Abale akhaladi pansi! Akulu ake a malemu awiri ndi azakhali, pansi pa mtengo wa mango, nkhani yake kiyi wa pensulo. Chigamulo: kiyi sachoka pakhomo pa mwini wake. Ofuna chitseko abwere ku Lupembe. Phazilopepuka amusewera mayiwo, ndiwaphunzitse poyambira.

“Ndipo kamwala ka manambala kaja kali kuno, m'chitini cha mabatani. Ankati ndikasunge, anzake adzakafuna.”

Ndisanathokoze n'komwe, mayiwo apitiriza.

“Chinanso, alamu. Dzulo munati chinjokacho mwachidula mitu. Mubwezere yonse. Mwamuna wanga sanadikire zaka zonsezi kuti akamenyane ndi ka mitu iwiri.”

Ndauza gulu. Lusekelo asinthana ntchito ndi mnzake. Ambokile akuti ayeserera nyimbo. Che Yusufu angolemba kuti: “Tafa.”

Inde tafa, ndawerengera kale, sitidutsa mutu wachitatu. Kope ndalitulutsanso. Ndikujambula mitu isanu m'malo mmene ndinafufuta, pepala lapyapyala mpaka likuonetsa kuseri.

Lachitatu, teni koloko m'mawa, ku Lupembe. Mipando isanu. Ndikagule nthochi zitatu zowotcha.