Fomu Yanga Inaphika Phala

Mpaka lero ndikamva fungo la phala lopserera, manyazi amandigwira.

Ndine kalaliki pa ofesi ina ya boma ku Mitundu. Tsiku lina abwana analengeza kuti wofuna kukathandiza ana atenge tsiku limodzi, malipiro osadulidwa. Ine mtima dyokodyoko, holide yaulere! Anandipatsa fomu. "Ibwere yosainidwa," anatero, "apo ayi tilemba kuti munajomba."

Ndinasankha sukulu yamkombaphala ku Nathenje. Ndinatchena suti ndi tayi (ndinkayesa akandikhazika kutsogolo kuti ndilankhule), ndipo mu minibasi ndinkayeserera chamumtima: "Ana inu ndinu atsogoleri a mawa!"

Mayi Nabanda, olera anawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Takulandirani bambo. Wophika wathu ali kumaliro. Mthiko uwu."

"Mayi, ine ndine kalaliki."

"Zikomo. Nkhuni zili apo."

Nkhunizo zinali zonyowa ndi mvula. Ndinauzira moto mpaka misozi mbwee, ana atandizungulira ndi makapu akuimba, "Phala! Phala!" Ndinapisa m'thumba, kupeza pepala, kuliyatsa. Moto lawilawi! Ndinavina, anthuni, ana akuomba m'manja. Gule anandikomera moti phala linapserera, tayi n'kumira mumphika. Kamtsikana kena kanalawa n'kundifunsa, "Ankolo, kwanu kulibe amayi?"

Komabe anakomba makapu onse, ine n'kudzimva kuti ndine dolo.

Masana ndikutsanzika, Mayi Nabanda anatulutsa cholembera. "Tisaine fomu ija."

Thumba lakumanja, mulibe. Lakumanzere, machesi okhaokha. Tonse tinacheukira pamafuwa.

"Mwaphikira?" Anaseka mpaka kukhala pansi. "Phulusa sindisaina, bambo."

"Mayi, ndichitireni chifundo, andidula malipiro!"

"Katengeni ina. Koma ine ndimasaina tsiku lomwe munthu wagwira ntchito."

M'mawa mwake abwana anamvetsera zonse osaphethira. "Boma likulipireni tsiku lathunthu kuti mukaotche pepala la boma?" Anandipatsa fomu ina, koma tsiku lachiwirilo analichotsa pa tchuthi changa (chomwe ndinkasungira kukakolola chimanga kumudzi). Zinandiwawa, osanama.

Ndinapitanso, wopanda tayi, fomu nditaipinda n'kuibisa mu sokosi. Ndinali nditaphunzira ine. Ana atandiona anakuwa, "Ankolo opsereza aja abweranso!"

Mayi Nabanda anandipatsa mthiko, nkhope ili phee.

"Nkhuni zanyowanso, bambo. Mwabweretsa fomu?"