Balere wa Tisa ndi Thobwa la Chigwirizano

Mukamva kuti ku Kabwata kuli mayi amene anamwetsa mwana wake sukulu yonse m'kapu, musavutike kufufuza. Ndine ndemwe.

Mwana wanga Tisa amaphunzira za zomera kuyunivesite. Ntchito yake yomaliza inali ya balere wakutchire, timbewu tochokera kumayiko akutali timene aphunzitsi ake anatidikira mpaka kutaya mtima. Ankati akatimeretsa amadula nsonga za mizu, n'kuona pamakina tizingwe ta m'kati mwa selo totchedwa makromozomu. Kenaka amapaka utoto wowala pamene pali majini opanga maribozomu, pamaoneka timadontho, ndipo malo a timadonthoto amaulula balere amene ali pachibale ndi mnzake.

“Zili monga mfunda, amai,” anatero. “Uyu m'Phiri, uyu m'Banda.”

Ndinagwedeza mutu (ndinamvapo za mfunda zokhazo).

Magetsi atayamba kuzimazima kusukulu kwawo, anabweretsa zina mwa ntchito zake kunyumba. Sanandiuze kuti n'ziti, komanso ine sindinafunse. Lachisanu anakwera basi kusiteshoni ya Intercity kupita kuukwati wa mnzake ku Ndola, nati abwera msanga.

Mlungu umenewo inali nthawi yanga yophikira thobwa amayi a chigwirizano cha kutchalitchi, ndipo chimera changa chinali chochepa. Pofufuza m'kabati ya kukhitchini ndinapeza timbale tagalasi, m'kati muli mapepala onyowa ndi mbewu zotuluka timizu toyera bwino. Mtima wanga unasungunuka. Ndinati onani mwana woleredwa, wa mu Lusaka koma akudziwa kumeretsa chimera ngati wa ku Katete! Ndinangomuseka pa chinthu chimodzi: chimera cha m'timbale ting'onoting'ono chingakwane ndani?

Ndinakhuthulira zonse m'lichero limodzi. Timbale tinali ndi zolemba, koma ndinazitsuka mpaka mbee (ine ndi mbale zakuda sitimvana). Dzuwa la Okutobala linachita mbali yake, mtondo unachitanso yake, ndipo zonse zinalowa mumphika pamodzi ndi mawere anga.

Tisa anafika ali thukuta kamukamu. Ndinamuthirira kapu yaikulu, iye n'kugugudiza.

“Iyi yeve ni thobwa, amai!”

“Dzithokoze wekha, mwanawe. Chimera chako chija chathandiza.”

“Chimela chiti?”

Ndinaloza kabati. Anayang'ana kabati, anayang'ana timbale tili ndandanda pathandala, kenaka anayang'ana m'kapu. Anangokhala pansi pasimenti ndi diresi lake la kuukwati.

“Amai, mwasinja zonse?”

“Panali zochepa, mwanangu, ndiye...”

“Zinali zokazo mu Zambia yonse.”

Abale inu! Ndinathamangira kumtondo n'kuyamba kukokota ndi supuni ngati muzu ungadzuke kwa akufa. Ndinafunsa ngati sitingagule balere wina kumsika wa Kamwala, poti kumeneko kulibe chosowa. Ndinafika ponena kuti titengere thobwalo kumakina, mwina timadontho tija tikaonekabe. Apo m'pamene analira, ndipo ine ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Mawa lake ndinavala chitenje chatchalitchi kukapepesa kwa aphunzitsi ake. Bambowo anamvetsera nkhani yonse atagwira pakamwa. Kenaka anangofunsa kuti, “Manje ba mayi, munamwa bonse?” Ndinavomera kuti chigwirizano chonse chinamwa, ena mpaka kutengera m'mabotolo. Anati mbewu zina aitanitsa, koma Tisa adikire chaka china.

Tsiku limene anzake anavala mikanjo, mwana wanga anali m'khitchini kunyowetsa mapepala a mbewu zatsopano. Ndinaima pakhomo, manja kumbuyo, n'kufunsa ngati pali choti ndithandize.

“Palibe, amai. Zikomo.”

Anatseka kabati, natulutsa loko m'thumba. Kabati yanga, m'nyumba mwanga, koma ndinangomusiya akhome.