Majezi Abuluu pa Msewu wa ku Malama

Mpaka lero ndikamva kantchentche kakulira pafupi ndi khutu, dzanja langa limadzuka lokha n'kundiwomba mbama, ngakhale ndili m'tchalitchi. Ena amaganiza kuti ndi matenda. Si matenda ayi, ndi zotsalira za ulendo wina wa ku Malama, umene ndinanyamuka ndili katswiri wa zovala, n'kubwerako diso limodzi litatsekeka.

Masiku amenewo ndinali ndi kabutiki ku Mfuwe, pafupi ndi njira yotsikira ku Nkwali. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Lusaka, kumene ndinagwirako ntchito m'shopu ya zovala za amuna, ndipo tauni inali itandikwera m'mutu. Kabutikiko kanali chipinda chimodzi, koma dzina ndinakapatsa lalikulu: Tchenani. Mkati munali majinzi, masikipa, makapu, ndi nsapato zoyera zimene fumbi la kuno linkazifiiritsa zisanagulidwe n'komwe. Pakhoma lakunja mnzanga Chulu, amene ankajambula njovu n'kumagulitsa kwa alendo a m'makampu oonera nyama, anandijambulira mnyamata wovala jinzi, mpira kuphazi, gitala kumsana. (Mwendo umodzi unatalika kuposa unzake, koma Chulu ankati mayendedwe a ku tauni ndi omwewo.)

Loweruka lililonse khonde linkadzaza. Ena ankaonera mpira wa ku Ulaya pa kakanema kanga ka sola, ena n'kumakangana za oimba a ku Lusaka, uyu akuti wakutiwakuti amadziwa kuvala, uyo akuti bodza, amangobwereka. Ndimawasowa masiku amenewo, sindinama. Koma khonde likadzaza choncho, mkati munalibe wolowa. Anyamata omwewo akafuna malaya ankazemba n'kupita ku salaula, kumsika wa zovala zovalidwapo kale. Ndipo kuno mvula ikagwa misewu imatsekeka, makampu ambiri amatseka, m'matumba mwa anthu mumauma. Ndinkadziwa kuti dzina la Tchenani likapanda kumveka m'chigwa chonse cha Luangwa mvula isanabwere, kabutiki kanga sikadzaona chilimwe china.

Chinanso chinkandinyansa. Chigwa chathu chimavala ngati udzu wa mu Okutobala. Wa ku kampu, khaki. Sikauti woteteza nyama, girini wotuwa. Ine ndinkati anthu awa sadziwa mitundu, ndiwaphunzitsa.

Mwayi unabwera ndi mpira. Timu ya anyamata a pamsika inalowa fainolo ya chikho, yokaseweredwa ku Malama. Chulu yemwe uja ndiye anali goloboyi, ndipo kochi anali a Sakala, sikauti wopuma pa ntchito, bambo wa mtima wabwino amene anaphunzitsa timuyo zaka zambiri osawinako ngakhale supuni. Majezi analibe. Aliyense ankabwera ndi sikipa yofiira ya kwawo, ina yofiira ngati tomato, ina ngati njerwa, ina inali yofiira kalekale. Ndinati apa ndiye pamene pali msika wanga. Ndinaitanitsa ku Lusaka majezi a mizere yabuluu ndi yakuda, makabudula akuda, masokosi akuda. Chulu anatenga penti yoyera n'kulemba TCHENANI pamsana pa jezi iliyonse.

Tsopano inu a kumtunda mumvetse bwino apa. Kuno kuli akashembe, ntchentche zija zoluma ngati singano yamoto, zimene zimakhala m'nkhalango za mitengo ya mupani. Mwana aliyense wa m'chigwa amadziwa kuti kashembe amakonda zinthu ziwiri: galimoto yoyenda, ndi nsalu yabuluu kapena yakuda. Misampha yake yomwe, imene mumaiona itapachikidwa m'mbali mwa njira za kutchire, ndi nsalu yabuluu ndi yakuda basi. Khaki uja ndinkamunyoza ali ndi chifukwa chake. Ine ndinabadwira konkuno. A Sakala anakalambira m'tchire. Koma tsiku limene ndinatsegula katoni ya majeziyo pakhonde, nzeru zathu tonse zinapita kukamwa madzi.

A Sakala anakweza jezi imodzi m'mwamba, maso ali ndi misozi.

"Mwana wanga, izi ni zathu zoona? Monga baja ba pa TV?"

"Ni zanu, bakochi," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo.

Mwambo wa matimu a kuno ndi wakuti majezi amayenda m'saka, osewera amakavalira kuseri kwa mtengo akafika pabwalo. Ine sindinafunsepo kuti mwambowo unachokera kuti. M'mawa wa tsiku la gemu, a Sakala atatulutsa saka, ndinawagwira mkono.

"Bakochi, majezi m'saka? Nanga dzina alione ndani? Tivaliretu pano, tiimirire kumbuyo kwa kanta, chigwa chonse chiwerenge."

"Koma njira ya ku Malama..." anayamba motero, kenaka anayang'ana mizere ija n'kumeza mawu. "Chabwino. Gemu ni fotini awazi, kwerani manje."

Saka lija ndinalibisa pansi pa kauntala n'kukhoma chitseko, kuopa kuti wina angasinthe maganizo panjira. (Kumbukirani zimenezi, chifukwa ine ndinazikumbukira mowawa.)

Kunena zoona, chiyambi cha ulendo chinali chokoma. Kanta, lole yathu yosatseka kumbuyo, inadutsa pamsika pang'onopang'ono, azimayi a tomato akuimba nthungululu, a njinga akuliza mabelu, anthu akuwerenga mokweza, "Tche-na-ni!" Ine ndinaima patsogolo penipeni, shati yakuda, jinzi yabuluu, magalasi akuda, dzanja likubayibitsa anthu ngati la phungu. Ngati moyo wanga unakhalapo ndi kanthawi ka ulemerero, kanali kameneko, ndipo ndikakakumbukira mtima umatenthabe.

Midzi inatha. Tinalowa m'mipani, msewu unasanduka mchenga, kanta inayamba kukwawa.

Woyamba kukuwa anali Chulu. "Mayo!" Phwa, pakhosi. Wina phwa, pantchafu. Wina phwa, pamsana pa mnzake. Posakhalitsa kanta yonse inali kuwomba m'manja, moti dalaivala wathu, a Mwale, amene anali kutsogolo magalasi atatseka, anaganiza kuti tayambitsa nyimbo ya timu, n'kuyamba kutithandiza ndi hutala. Pipi, pipipi! Ife tikufa, iwo akuimba nafe.

Amene sanalumidwepo ndi kashembe asandiuze za ululu. Amaboola jezi, amaboola sokosi, jinzi amaiyesa kaneti. Ukamumenya amagwa pansi, n'kupumako pang'ono, n'kudzuka kudzamaliza ntchito. Ndipo sanali mmodzi. Ankatuluka m'mipani ngati alandira uthenga wakuti kwabwera phwando laulere.

Tinamenya denga mpaka a Mwale anaima. Anatsika atavala shati yawo ya khaki yong'ambika pakhwapa, ntchentche osawayang'ana n'komwe. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasokosi.

"Imwe banthu, nanyamula timu kapena nanyamula msampha wa bakashembe?"

Ife tinkangodzikanda. A Mwale analowa patchire, anatola ndowe zouma za njovu, anaziika m'chitini n'kuyatsa, monga amachitira madalaivala a m'makampu. Utsi wake akashembe amauthawa. Apa munthu wanzeru akanathokoza. Ine pakamwa panga panatuluka izi:

"Ba Mwale, utsi uwo uzanunkhitsa majezi!"

Timu yonse inatembenuka n'kundiyang'ana. Sindinaonepo anthu otupa nkhope akuyang'ana munthu mogwirizana chotero. 

Tinanyamukanso. Chitini chinali chimodzi, amuna tinali kanta yodzaza, ndiye utsi unkangothandiza amene anali pafupi. Anyamata anayamba kulimbirana ndowe za njovu, wina kuzikumbatira, wina kulowetsa mutu mu utsimo akutsokomola. Kenaka a Sakala anataya mtima.

"Vulani! Bonse vulani!"

Majezi anavulidwa, masokosi anavulidwa. Ndinaona wosewera wina akukunga dzanja kuti aponye jezi yake kutchire, dzina langa lili pamsana, ndinalumpha n'kuiwakha. Ndinatolera onse. Ndiye ndiwaike kuti? Saka lili ku Mfuwe, pansi pa kauntala, chitseko chokhoma, kiyi ali m'thumba mwanga. Ndinawaunjika pamiyendo n'kuwakumbatira, ndipo pofuna kuti asanunkhe utsi (inde, ndinali ndisanachire), ndinakakhala kumapeto kwenikweni kwa kanta, kutali ndi chitini.

Tangoganizani. Anyamata onse zifuwa pamtunda, ali mu utsi kutsogolo. Kumbuyo kuli mulu umodzi wa buluu ndi wakuda, ndipo pakati pa muluwo pali ine. Akashembe a m'chigwa chonse cha Luangwa anasiya ena onse n'kubwera kudzagula ku Tchenani. Manja anali otanganidwa ndi majezi, sindikanatha ngakhale kudzimenya. Mmodzi analowa kuseri kwa magalasi anga n'kukhazikika pachikope ngati walipira lendi. Ndinalira, ndipo sindikunena mophiphiritsa.

Ku Malama tinapeza bwalo litadzaza, anthu ena atayenda wapansi kuchokera kumidzi yakutali. Ankayembekeza timu ya majezi atsopano imene mbiri yake inali itawafika kale. Chimene anaona ndi kanta ikufuka utsi, anyamata osavala malaya, matupi ali matuzamatuza, fungo la njovu lili patsogolo, ndipo kumbuyo kukutsika munthu wa diso limodzi atanyamula mtolo wa nsalu. Eni bwalo anali atavala masikipa achikasu ofwifwa, osafanana n'komwe, koma khungu lili see.

Kusewera osavala sikuloledwa, ndiye majezi anavalidwanso pa matupi otupa aja. A Mwale anali atafotokozera kale anthu a m'mbali mwa bwalo nkhani yonse, ndipo gemu isanayambe bwalo linali litapeka nyimbo yake ya mzere umodzi, yonena kuti msampha wafika. Anyamata athu anayesetsa, ndiwachitire umboni. Koma munthu sungathamangitse mpira dzanja lina likukanda m'kabudula. Chakumapeto, zigoli palibe, mpira unachoka patali, wofooka, woti Chulu akanaugwira akuyasamula. Koma nthawi imeneyo Chulu anali atatsamira pamtengo wa golo, akukhula msana ngati njiri pachulu. Mpira unamudutsa pambali mwaulemu n'kulowa.

"Boi, mpira ninauona," anandiuza pambuyo pake, "koma msana unali pa moto."

Chikho chinatsala ku Malama. Ine ndinakabisala kuseri kwa kanta, ndikuopa kukumana maso ndi a Sakala, chifukwa ndinkadziwa kuti mwayi ngati umenewu mwina sudzawabwereranso. Anandipeza komweko. Anavula shati yawo ya khaki, iwo n'kutsala ndi vesiti, n'kundipatsa.

"Vala iyi, tibwerere bwino. Ndipo leka kulira, mwana wanga. Taluza, inde. Koma pamsika paja, mwana wanga, tinaoneka monga banthu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa akashembe onse pamodzi. Majezi anabwerera m'saka la chimanga lobwereka, monga mwa mwambo.

Masabata otsatira sindinkagona tulo. Wosewera aliyense akangowodzera masana, mayi ake ankabwera pakhonde kudzandifunsa ngati ndamupatsa mwana wawo kaodzera, matenda obwera ndi akashembe. Mulungu anatichitira chifundo, palibe anadwala.

Nanga dzina? Linamveka, abale anga, kuposa mmene ndinkafunira. Linafika ku Nkwali, linakwera mpaka ku Jumbe, kumene makondakitala a minibasi ankandiloza ndi chala. Kungoti silinali Tchenani. Aliyense ankati "pa Msampha." Anthu ankabwera kudzaona munthu amene anaveka timu yathunthu nyambo ya ntchentche, amaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo pochita manyazi kutuluka chimanjamanja, amagula kapu. Ine ndinameza malovu n'kuyamba kuoda makabudula a khaki ndi mashati a girini wotuwa, zomwe zija ndinkazinyoza. Zinkatha ngati mandasi. Kabutiki kanadutsa mvula imeneyo ndi mvula zina zingapo, kakudya dzina lachipongwe.

Lero chipinda chija amagulitsamo simenti, a Sakala anatisiya, anyamata a pakhonde anabalalika. Koma mukakwera minibasi n'kunena kuti mutsika pa Msampha, palibe kondakitala amene angakufunseni kuti n'kuti. Ndikamva akukuwa choncho ndimachita manyazi, kenaka ndimanyada pang'ono, chifukwa ndi chokhacho chimene chatsala cha masiku athu aja.

Ndinaphunzira kuti saka lija linali ndi nzeru kuposa ine. Zimenezo ndavomera. Koma jezi imodzi ndinasunga, ndipo Lamlungu lina ndikaweruka ku tchalitchi ndimaivala m'nyumba, mawindo onse nditatseka, n'kuima pagalasi. Mundiseke mmene mungathere, koma m'chigwa muno simunadutsenso timu yotchena ngati imene ija.