Foni Imodzi, Mabanja Asanu ndi Awiri

Lolemba
Mbewu ya mtedza ikubwera ku kalabu yathu ya alimi pa Nsaru. Mndandanda wa olandira ukupita ku tauni Loweruka, ndipo amene dzina lake mulibe m'kompyuta asayembekeze kanthu. Chaka chatha ena analandira kawiri. Chaka chino ayi! Ine monga mlembi wa kalabu ndikulemba kasikiripiti, timalamulo ta m'kompyuta, pa fomu yolembera alimi: nambala ya foni ikabwera kachiwiri, fomu ikane. Ndikudzimva kuti sukulu sinapite pachabe.

Lachiwiri
Fomu ikukana mokoma. Pofika masana yabweza anthu khumi ndi awiri. Akuba onsewa? Mmodzi ndi mkulu wa mpingo.

Lachitatu
Mayi Nachisale, amasiye a kutsidya kwa dambo, abwera wapansi. Fomu yawakana. "Foniyo ndi ya alamu anga, bambo. Tonse kwathu timatchula yomweyo." Mabanja asanu ndi awiri! Ndipo alamuwo analembetsa dzulo. Ndikuwauza mayiwa abwere mawa, maso anga ali pansi.

Lachinayi
Ndikukonza kuti nambala imodzi ilole anthu atatu. Penapake m'sikiripitimo ndaiwala kutseka bulaketi, kachizindikiro kakang'ono chabe. Tsopano fomu ikukana aliyense, ngakhale atcheyamani. Zomwe ndayesa:
- kuzimitsa n'kuyatsanso
- kupukuta sikirini ndi malaya
- pemphero lalifupi
Mayi Nachisale akhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Akuti mizere anaunga kale, ikungodikira mbewu.

Lachisanu
Bulaketi ndaipeza! Magetsi azima. Ndikulemba mayina papepala monga ankachitira akale, omwe ndakhala ndikuwaseka.

Loweruka
Magetsi ayaka mochedwa. Ndikulowetsa mayina a papepala, atcheyamani ali chilili kumbuyo kwanga. Pa nambala ya alamu aja, Mayi Nachisale ndi achinayi. Fomu yawakananso. Ndikuti ndifufute sikiripiti yonse, atcheyamani akuti, "Aku tauni sadikira, tumizani zomwe zilipozo." Ndatumiza.

Lamulungu
Mvula yoyamba yagwa m'mawa. Sikiripiti ndaifufuta tsopano, pamene sizithandiza aliyense. Wakuba sindinagwire ndi mmodzi yemwe. Potuluka m'tchalitchi ndikuyesa kuzemba, koma Mayi Nachisale andipeza ndikutenga njinga yanga. Akundigwira dzanja ndi manja awiri. "Zikomo bambo, munavutika nafe sabata yonse. Ndiye mbewu tidzatenge liti?"

Ndawayankha kuti ndifunsa.